Mtsutso wa Mabokosi

Usiku wathawu ndinalota zoti mukazimva munena kuti Idesi wayamba kusuta, koma tulani kaye zidebezo, madziwa satuluka msanga. Paja dzulo tinaonera mtsutso wa ofuna upulezidenti pa kanema wa a Nagama. Abambo anakakamira kuti ndiwatengereko, ati akufuna amve ngati wina atchuleko za mankhwala. Mukudziwa kuti shuga wawo uja wakwera, ndipo kuchipatala kwathu mapiritsi anatha kalekale, ndikapita amangoti bwerani sabata yamawa. Ndinaonera mpaka kumapeto, mutu kuchita kuwawa ndi Chingerezi, osamva mawu oti mankhwala ngakhale kamodzi. Titabwerera ndinawagoneka, nane n'kudziponya pamphasa mtima uli kuwira.

Ndiye kutuloko ndikuona ndili pa a Nagama pomwe paja, kanema uja n'kutsokomola ngati munthu, n'kunditchula dzina. Akuti ndakhala ndikumuyang'ana kunjaku zaka zambiri, lero ndilowe ndione mmene amaphikira nkhani. Ine kupusa kwanga n'kukwinya chitenje, n'kulowa, mutu patsogolo.

Mwadzidzidzi ndili m'holo yaikulu, magetsi ali ngwee, oti kwathu kuno sitinawaonepo. Kutsogolo kwaima amuna atatu a masuti, aliyense kuseri kwa kagome kake. Woyendetsa mtsutso potembenuka kuti atipatse moni, khosi linazungulira mpaka kumsana, m'pamene ndinaona kuti ndi kadzidzi wovala tayi. Anthu anangowomba m'manja. Amene ndinachita nthumanzi ndine ndekha, poti kadzidzi akalira padenga tonse timadziwa chimene chikubwera.

Woyamba anayamba bwinobwino ngati munthu, koma atangoti "chitukuko" khosi linafiira, mchira n'kutambasuka kuseri kwa jekete, wasanduka nkhukundembo. Wachiwiri anali bilimankhwe, suti yake inkasintha mtundu potengera mbali imene yawomba m'manja kwambiri. Wachitatu anali mvuu. Imeneyo sinkavutika n'kuyankha, inkangoyasamula, atolankhani n'kumalemba.

Ndiye ndikumva kanthu kakundigwedeza m'chiuno. Pomasula mfundo ya chitenje ndipeza ndi kabotolo ka mapiritsi a abambo, kopanda kanthu kaja ndimayenda nako kuchipatala. Kakuti, "Mayi, kwezani dzanja. Ine m'mimba muli pululu chiyambire dzinja." Ndinakauza kuti kakhale chete tili pa anthu, koma kanayamba kuimba mluzu monga limachitira botolo mphepo ikaliwomba. Kadzidzi n'kundiloza ndi phiko. Maikolofoni inabwera yokha ikudumpha ndi mwendo umodzi, n'kundinong'oneza kuti ndifulumire, iyo yatopa, yakhala ikumeza malovu a mabwana kuyambira masana.

Ndinagwada, poti ndinaleredwa, n'kunena kuti, "Mabwana, abambo anga akudwala shuga, kuchipatala mankhwala kulibe. Mukalowa m'boma muwathandiza bwanji?"

Nkhukundembo ija inapukuta msozi ndi phiko, ikuti pepani kwambiri mayi, chipani chathu chili nanu pa chisonichi, bokosi tigula ndife. Ndinati ayi bwana, sanamwalire, ali moyo, dzulo lomweli anamwa phala. Koma bilimankhwe anali atada kale bii ngati chovala cha namfedwa. Akuti mnzakeyo ndi woumira, bokosi lake ndi la mapaini lopanda ndi nsalu yomwe, iye abweretsa la galasi pankhope, lole yonyamula operekeza, ndi matumba a ufa. Mvuu inangoyasamula, m'kamwa n'kutuluka tenti yathunthu ndi mipando ya pulasitiki yolembedwa dzina lake kumsana.

Abale, anthu anawomba m'manja mpaka ine kuyamba kuchita manyazi ngati ndine wosayamika. Mayi wina amene anakhala pambali panga anandigwira paphewa, akuti ndili ndi mwayi, kwawo maliro anagwa chisankho chitadutsa ndipo palibe bwana anaponda pakhomo. Akuti, "Muwauze abambowo asachedwe, mwanawe. Kampeni ikatha zimenezi simudzazionanso."

Ndiye mwadzidzidzi holo ija yasanduka pakhomo pathu. Abambo akhala pa mpando wawo wa ndalema, mabokosi atatu awandandalika pakhonde ngati tomato pamsika. Alendo aja akukangana kuti pa mwambo wa maliro ayambe kulankhula ndani, ndipo nkhata ya maluwa ya ndani ikhale pamwamba. Nkhukundembo inatulutsa tepi n'kuyamba kuyeza abambo kuchokera kumutu. Abambo, ndi ulemu wawo uja, anachita kuwongola miyendo kuti bwana asavutike. Chimenecho ndiye chinandiwawa kuposa zonse.

Ndinawapempha, misozi ili chuchuchu, kuti agulule chogwirira chimodzi chonyezimira pabokosi la galasi paja akasinthanitse ndi mapiritsi. Mabwana sanandimve, anali akujambulitsa chithunzi. Linandiyankha ndi bokosi lenilenilo, mwaulemu wake, likuti, "Mayi, piritsi munthu amameza ali yekha m'nyumba. Ine ndimanyamulidwa dera lonse likuona."

Kadzidzi anayang'ana wotchi n'kunena kuti nthawi yanga yatha. Ndinati sindinayankhidwe. Iye akuti funso langa layankhidwa katatu, mwayi umene ena onse sanaupeze. Ndikutembenuka ndiona abambo avula nsapato, aziika bwinobwino pambali, akulowa m'bokosi la galasi lija, ati si bwino kukhumudwitsa alendo ochokera kutali. Ndikuti ndithamange, miyendo yakana ngati ndaponda phula. Ndikuti ndikuwe, maikolofoni yazima. Mvuu inatseka chivundikiro n'kutola hamala. Kho, kho, kho. Kabotolo kali m'manja mwangamu kakungoimba mluzu.

Ndinadzidzimuka thukuta lili kamukamu, kunja kwayera, koma kho kho uja osaleka. Anali a Chikuse, kalipentala wa kuseri kwathu uja, atayamba kale ntchito pa shedi yawo ya mabokosi. Ndinathamangira kuchipinda kwa abambo osavala ndi patapata yemwe. Ndinawapeza ali chigonere, afunda nsalu ya chipani ija anatigawira kumsonkhano, nkhope ya bwana ili pachifuwa pawo. Ndinaima pakhomo osapuma mpaka anatsokomola. Anzanga, chibadwire sindinakondwerepo ndi chifuwa cha munthu ngati lero.

Anatsegula diso limodzi n'kundifunsa ngati ndipitenso kuchipatala kukayesa mwayi. Ndinati ndipita ndikatunga madzi, kabotolo ndamanga kale pachitenje. Kenako akuti, "Nanga mtsutso uja, poti ine ndinasinza pakati, anapambana ndani?"

Ndinamvetsera hamala ija kuseri, ndipo ndinati, "A Chikuse, bambo."