Ba Whiteson Owerengera Mitengo

Ku Chinyunyu kunalibe munthu amene ba Whiteson sanamuwerengereko buku. Si anthu okha ayi. Mitengo, zulu za chiswe, mbuzi yomangidwa pachingwe, chilichonse chosatha kuthawa chinkamva nawo.

Bukulo linali limodzi lokha, lonena za nthaka, madzi ndi zamoyo. Mlendo wina analiiwala patebulo pamene akazi a ba Whiteson, ba Edness, ankagulitsira nthochi m'mbali mwa msewu. Ba Edness ankati mapepala ake akulungire mtedza, koma amuna awo analitsegula, ndipo kuyambira tsikulo khasu linayamba dzimbiri.

"Amai a Carol, mudziwa kuti nyongolotsi imalima kuposa ine?"

"Zimenezo sizifunika buku," anayankha ba Edness.

Tsiku lina anawerengera mbuzi yawo tsamba lonena kuti mbuzi zimatha timitengo tongophuka kumene. Atangocheuka, mbuzi inadya tsambalo. Sanaimenye. Anaiyang'ana mwaulemu, nati, "Yameza umboni. Iyi ikanapita kusukulu, bwenzi ili loya ku Lusaka."

Nkhani inakula pamene Phinias, wodula mitengo n'kutentha malasha, anafika ndi nkhwangwa pa muwanga waukulu wa m'mbali mwa kamtsinje kamene mudzi unkatungako madzi. Anapeza ba Whiteson atatsamira mtengowo, buku lili pamwendo.

"Sunthaniko, atate."

"Ndimalize tsamba, mwana wanga."

Analimaliza, nayamba lina lonena za mizu ya mitengo. Mzere uliwonse ankautanthauzira m'Chinyanja, kenako n'kuwonjezerapo zawo. Dzuwa linalowa. M'mawa mwake Phinias anawapeza pomwepo. Ba Edness, pobweretsa chakudya, mtima unali m'mwamba, pakuti nkhwangwa ija inali yonoledwa ndipo mwini wake anali ndi ana anayi.

"Ana anga adya masamba a buku?" anafunsa Phinias tsiku lachitatu, maso ali psuu.

"Adya uchi," anatero ba Whiteson. "Ndili ndi ming'oma iwiri ya njuchi kunyumba. Kwera uyipachike mumtengomu, uchiwo ukhale wako."

Phinias anakhala pansi, nkhwangwa pambali. Patapita kanthawi anafunsa chapansipansi, "Nanga mizu ija, mwati imasunga bwanji madzi?" Yankho linatenga masiku ena awiri, koma muwanga uja unapulumuka.

Chaka chatha matenda anawagwira ba Whiteson. Atatuluka m'chipatala ku Mpanshya, anapempha kuti awakweze panjinga m'mamawa, awapititse ku kasupe wa madzi otentha wa ku Chinyunyu komweko. Nthunzi inali tolotolo pakati pa udzu. Anavula chipewa.

"Amai a Carol, buku likuti madzi awa ndi mvula. Inagwa, inalowa pansi penipeni kumene miyala imatentha, ndipo lero m'pamene ikubwerera."

"Inagwa liti?"

"Mwina agogo athu asanabadwe. Ya chaka chino idzatuluka ife kulibe."

Ba Edness anakhala pafupi ndi kasupeyo zaka makumi anayi, kumudutsa ngati chitsa cha m'njira. Tsikulo anagwada, nayika dzanja m'nthunzi, namva kutentha kochokera kumene munthu sanafikeko.

Ba Whiteson anatisiya mwezi wa Okutobala, kumwamba kusanachite mitambo.

Masiku ano alendo akatsika basi n'kufunsa chifukwa chake madziwo amatentha, anthu amangoyang'anana. Kale munthu ukafunsa zimenezo basi inkakusiya ba Whiteson akufotokozabe. Tsopano aliyense amakwera nthawi yake, ndipo pamsewu pali zii.

Mvula yoyamba itagwa, anansi anaona zovala za ba Edness zikunyowa pachingwe. Anathamanga kukawauza. Anawapeza ataima pakhomo, manja kumbuyo, akuyang'ana madzi akulowa m'nthaka.