Sabata Yophunzitsa Muusi Khalidwe

Lolemba

Chifunga chaphimba Sheffield yense, mapiri akuoneka ngati akulota. Aphunzitsi a Tadala andigwira pageti la nasale: Lachisanu akufuna kholo lidzawerengere ana buku. Ndavomera asanamalize n'komwe. Ine amene ndinaphunzitsa ndakatulo ku sekondale ndisanabwere kuno kudzasamalira okalamba, ndingaope anthu a zaka zinayi?

Buku wasankha Tadala mwini wake. La muusi. Muusi ndi chinyama cha kumayiko ozizira: miyendo ngati nsanamira, mphuno yolendewera ngati sokosi yonyowa, nyanga ngati zikhatho ziwiri zopempha mvula. M'bukumo chimalowa m'nyumba za eni, kudya keke, kugona m'bafa, zonse m'mizere yokoma ngati nyimbo. Koma odi, ngakhale kamodzi, ayi!

Mwana wangayu amamva Chichewa chonse, kuyankha ndiye Chingerezi basi. Chibadwire sanandipatseko liwu limodzi lakwathu. Lachisanu andiyankha. Pagulu.

Lachiwiri

Dongosolo:

1. Kulilemba bukuli mwatsopano m'Chichewa, mizere izigwirizana kumapeto.
2. Kumuphunzitsa muusi khalidwe.
3. Ana aziyankha "Tilitonse" pamzere uliwonse, monga timachitira kwathu pokamba nthano, kuti wokamba adziwe kuti sakulankhula yekha. Anzake onse akamayankha, Tadala akhala chete bwanji?

M'basi yopita kuntchito mwatuluka iyi:

*Muusi wafika, wati, "Odi, odi!"*
*Eni nyumba ati, "Ndani kodi?"*

Ndadzisilira mpaka kupitirira siteji. Pawindo ndikumuona muusi wanga akutsika phiri la Dedza pang'onopang'ono, mtambo utakola kunyanga, amayi ogulitsa kachewere akumupatsa njira, iye akuweramira aliyense.

Lachitatu

Ndaonetsa anthu chithunzi. Bambo a Tadala akuti, "Imeneyi ndi ntchefu yodwala, mayi." Mayi Tembo, mnzanga wa ku Zambia amene timagwira naye ntchito, achiyang'ana nthawi yaitali: "Manje iyi nyama amadya?" Alangizi anga ndi amenewa.

Ndayesa pa Tadala titaweruka:

*Wagwada, walandira keke ndi manja awiri,*
*wathokoza eni nyumba kambirimbiri.*

Wandiyang'ana ngati woyang'anira mayeso. Wati, m'Chingerezi chake chija, muusi alibe manja. Digiri yanga yonse ya ku Zomba, kugwetsedwa ndi munthu amene amavala nsapato mosemphanitsa!

Lachinayi

Ndamata timapepala ta Chichewa pamwamba pa mizere ya Chingerezi. Zotsatira:

- Mawu akuti muusi wagwada. Pachithunzi ali m'bafa, miyendo m'mwamba.
- Mawu akuti watsuka mbale. Pachithunzi akudya katani.
- Tadala wamatula timapepala titatu. Kamodzi kali pamphumi pa chidole chake, chimbalangondo chothothoka ubweya, cha diso limodzi.

Wojambula bukuli analeredwa ndi yani?

Kuntchito ndikupesa tsitsi la mayi wina wokalamba, loyera ngati ufa woyera, maganizo ali kutali. Muusi waima panja pa tchalitchi chakwathu, amayi a chigwirizano ayanika zitenje panyanga zake, mphepo ikuziuluza, ndipo pamsana pake pakhala Tadala, akundiitana kuti, "Amayi, bwerani!" Mayiwo akuti ndapesa malo amodzi kwa nthawi yaitali.

Lachisanu

Ana khumi ndi anayi pakapeti. Ndafotokoza lamulo: ine mzere, inu "Tilitonse."

Mayo ine! Achigwira ngati anabadwira ku Ntcheu. Mzere woyamba: "Tilitonse!" Wachiwiri: "Tilitonse!" Ndatsokomola: "Tilitonse!" Nditafika poti muusi wagwada ndawaonetsa kagwadidwe kake, onse gwadu, aphunzitsi omwe. Kamtsikana kena ka tsitsi lofiira kayamba kugogoda pashelefu: "Odi, odi!" Aphunzitsi ati nthawi yosamba m'manja yakwana, kalasi yonse: "Tilitonse!"

Oyankha: khumi ndi atatu.

Wakhumi ndi chinayi, Tadala wanga, wakhala kumapeto kwa kapeti, manja atapinda, milomo atamanga ngati thumba la shuga. Ndamuyang'ana pamzere uliwonse. Ndachedwetsa dala womaliza, ndamusiyira mpata woti basi ingadutsepo. Zii. Potuluka wakoka siketi ya aphunzitsi n'kuwanong'oneza mokweza, "Mummy got it wrong."

Ndalakwitsa. Ine.

Loweruka

M'sitolo wandiimitsa mayi wa kamtsikana ka tsitsi lofiira kaja. Akuti mwana wake sakutsegulanso firiji osayamba wanena odi, ndipo usiku wathawu bambo ake akupemphera pachakudya iye wayankha "Tilitonse." Akufunsa ngati ndimaphunzitsa Loweruka. Ndatembenuza mtundu wonse wa Angerezi m'mphindi khumi!

Kunyumba: "Waswera bwanji, Tadala?"

"Fine."

Ndamatula timapepala tonse totsala. Muusi wabwerera ku moyo wake wakale. Chifunga nachonso chatha, mapiri angokhala mapiri, okwera movutikira ndi matumba.

Lamulungu

Tabwerako kutchalitchi. Ndikusita yunifolomu yamawa pakhonde la chipinda, chitseko cha Tadala chili chotsegula pang'ono. Akuwerengera chimbalangondo buku la muusi, m'Chingerezi, pamtima. Wanena mzere umodzi, waima. Chete. Kenaka watulutsa liwu lakuthwa, langa lenileni, lija ndimatulutsa akakana kuvala jekete:

"Iwe! Yankha!"

Ndiye kaliwu kakang'ono, kobwereka, ka chimbalangondo: "Tilitonse."

Mzere wachiwiri. "Tilitonse." Wachitatu. Katchulidwe kake koyera ngati ka pawailesi.

Zaka zinayi ndikudyetsa, kusambitsa, kuchonderera, wolandira n'kukhala chimbalangondo cha diso limodzi. Chabwino. Wafika pamzere wa keke, waimanso kudikira. Pakamwa panga pandithawa, ndayankha chapansipansi ndili pakhonde pomwepo: "Tilitonse."

Mapazi ang'onoang'ono. Diso limodzi la Tadala pampata. Chitseko phaa!

Mkatimo nthano ikupitirira. Kolala ya yunifolomu yapserera. Ndakhala pansi, msana kuchitseko, ndikumvetsera.