A Zitsika ndi Malata Awo

Bambo uja anadikira zaka makumi atatu kuti mtengo wa malata utsike, mpaka dzina lawo lenileni tinaliiwala. Tonse tinkangoti a Zitsika.

Anali kalipentala, ndipo pampando sankakhazikika, ngati pali linthumbu. Kukangocha, liwiro kusitolo ya zitsulo, kukagogoda lata ndi chala.

"Lero bwanji?"

"Lakweranso, bambo," ankayankha mwini sitolo.

"Lakwera? Lamera miyendo? Ine pokwatira, mbuzi imodzi inkagula malata khumi ndi misomali yomwe. Lero mbuzi itamva mtengowu ikhoza kukomoka! Zitsika izi."

Akachoka apo, ulendo kwa telala, kukakoka nsalu za eni ake. "Iyi ndi nsalu kapena sefa? Yakale ija mkazi wanga anaberekera ana asanu, kenako inakhala katani. Iyi mtengo wa ng'ombe, koma kungoyetsemula yang'ambika!"

Nyumba yawo anaifolera theka. Kuchipinda kunali malata, pabalaza pulasitiki. Mvula ikagwa, mlendo ankapatsidwa mpando ndi ambulera.

"Bambo a ana, atsala malata asanu ndi atatu okha," akazi awo ankadandaula. "Tiguleni, ndatopa ndi kusuntha mabeseni."

"Mayi, wogula lero ndi chitsiru. Dikirani mwezi wamawa."

Chaka china mtengo unatsikadi pang'ono. Mwini sitolo anatseka chitseko n'kuthamanga yekha kukawauza. A Zitsika anavina pakati pa msewu, hamala ili m'manja.

"Ndiye ndikumangireni angati?"

"Angati? Iwe, angoyamba kumene kutsika!"

Sabata yotsatira mtengo unalumpha kuposa kale. A Zitsika anagona masiku awiri atafunda kumutu, tsiku lachitatu anali kusitolo kuja kukalalata.

Atadwala, miyendo itakana, mwana wawo wamkazi anagula malata aja mwakachetechete n'kufoleretsa balaza. Anawagwiriziza kuti akaone. A Zitsika anayang'ana kudenga nthawi yaitali.

"Wagula zingati?"

Mwanayo anatchula mtengo wa chaka chimene iye anabadwa.

A Zitsika anaseka mpaka kutsokomola. Bodzalo analimva, poti mitengo yonse inali m'mutu mwawo. Koma anangomugwira dzanja, n'kutembenukira kwa akazi awo. "Mwamva, mayi? Si ndinkanena ine?"

Anatisiya mvula isanayambe.

Zinthu zikukwerabe, zitsulo ndi nsalu zomwe. Koma masiku ano timangofunsa mtengo, kupukusa mutu, n'kulipira. Telala akuti m'mawa umatalika. Nthawi zina amadzipeza akukoka yekha nsalu n'kuitukwana, popeza palibenso wina woti aitukwane.