A Weramani ndi Nkhongo Zathu

Mukamva kuti kunali munthu wojambula anzake koma osajambula nkhope, musatsutse, chifukwa ine ndinkakhala naye tebulo limodzi. Tinkawatchula kuti a Weramani, popeza moyo wawo wonse anali ometa anthu tsitsi, ndipo mawu amenewa ndiwo anali moni wawo kwa aliyense wokhala pampando.

Atatsegula maphunziro aulere ojambula a ife okalamba ku holo, a Weramani anabwera ndi akazi awo, kuthawa kungokhala ndwii pakhomo. Aphunzitsi, mtsikana wodekha wamsinkhu wa adzukulu athu, anatigawira mapepala ndi mapensulo, n'kutiuza kuti tikhale awiriawiri moyang'anizana, aliyense ajambule mnzake. A Weramani ananyamula mpando wawo n'kudzakhala kumbuyo kwanga. Aphunzitsi anawakumbutsa mwaulemu kuti nkhope ili kutsogolo.

"Mwananga, nkhope imanama," anatero. "Nkhongo ilibe chinyengo. Inu achimwene, weramani."

Ndinawerama. Papepalapo panatuluka dazi langa, makutu anga otambasuka ngati zogwirira poto, ndi chipsera chimene ine mwini wake ndinali ndisanachionepo. Holo yonse inafa ndi chiseko, koma panalibe wofunsa kuti ameneyu ndi ndani.

Kuyambira pamenepo palibe anapulumuka. Mayi wina wopuma pa unamwino anachita kumanga mpango kumutu kuti abise, koma anamujambula mfundo ya mpangowo ndi makwinya a m'khosi, moti mdzukulu wake anamuzindikira ali pakhomo. Ngakhale mphika wa maluwa umene aphunzitsi anatiikira patebulo, mkuluyu anauzungulira kawiri, ati akufuna kumbuyo kwake.

Amene sankaseka anali akazi awo. Iwo ankafuna chinthu chimodzi basi: nkhope yawo, yojambulidwa ndi amuna awo, manja a bambowo asanatheretu, pakuti anali atayamba kunjenjemera. Ankatidandaulira kuti zaka zonsezi bambowa sanawayang'anepo bwinobwino. A Weramani anayesetsa, ndisawanamizire. Diso lina linkathawira kukhutu, pakamwa n'kupendama. Ankang'amba, kuyambanso, kung'ambanso, mpaka aphunzitsi anayamba kubisa mapepala m'kabati.

Tsiku lopachika zithunzi zathu pakhoma linafika a Weramani atagonekedwa kale m'chipatala. Aphunzitsi atavundukula chithunzi chawo chomaliza, akazi awo aja anagwa mphwayi: nkhongo ndithu. Koma tsitsi lake linali lakuda bii, lolukidwa bwino, khosi losalala, kolala ya diresi yamaluwa, ndipo chakumbali kunali zenera la basi.

Anachitsitsa pakhomapo n'kupita nacho kuchipatala, kukafunsa kuti mtsikana ameneyu ndi ndani.

"Ndi inu, mayi," anayankha a Weramani. "Munakhala mpando wakutsogolo kwanga, ine mpaka kupitirira potsikira. Nkhope ndinadzaiona pambuyo pake, mtima utapita kale."

A Weramani m'chipatalamo sanatulukemo amoyo.

Maphunziro akupitirira, mapepala akadali aulere, koma tonse tikungojambula nkhope zokhotakhota zosadziwika eni ake. Ine ndimawasowa kwambiri, ndipo dazi langa lilibenso wolisamala. Akazi awo aja sajomba. Akafika amakoka mpando wawo, n'kukhala chofulatira mpando wa amuna awo, umene palibe amayerekeza kukhalapo. Kenako, popanda wowauza, amawerama pang'ono.