Malipoti a Fomu 3 ndi Maperesenti Anga

Lolemba

Teremu ino palibe mphunzitsi alembe lipoti pamanja. Ndalengeza ndekha mu sitafu, chifuwa chili patsogolo. Pulogalamu yanga ya pa kompyuta yatsala pang'ono: mwana akapeza 38 pa 50, iyo ikugawa n'kutulutsa 0.76. Changotsala n'chakuti izilemba 76%. Ntchito ya mphindi zisanu! Malipoti akufunika Lolemba likubwerali.

A Mwakasungula a masamu, amene anayamba kuphunzitsa ine ndisanamere mano: "Tiona."

Masana kwabwera bambo ake a Tusekile, mtsikana wa m'kalasi mwanga, thukuta lili kamukamu, njinga ili m'manja. Ayankhula mosakaniza ndi Chitumbuka. "Asambizgi, akalephera teremu iyi, sukulu yamala. Azikagulitsa mpunga pa Uliwa na amama ake." Mwanayo ndi wolimbikira, koma malungo anamugoneka sabata ziwiri. Ndikumuopera.

Lachiwiri

Ndaphatika chizindikiro cha % kumapeto kwa nambala. Zotsatira: Fomu 3 yonse yalephera kufika peresenti imodzi. Woyamba m'kalasi: 0.91%.

A Mwakasungula akusuzumira paphewa panga. "Kuti ndi aulesi ndikudziwa, kweni apa mwawonjeza."

Ndaiwala kuchulukitsa ndi 100. Kutentha kwa kuno kukusungunula ubongo wa munthu wa ku Dedza ngati ine.

Lachitatu

Ndachulukitsa. Ana akhalanso ndi nzeru! Koma wa 0.57 watuluka ndi 56.99999999999999%. Manaini adutsa bokosi la malikisi, adutsa la giredi, akaima pamene ahedi amalemba ndemanga.

Ndafunsa mnzanga wa ku koleji pa foni. Yankho lake: "Ase, pali kalembedwe kake. Ika .0% basi, michira iduka yokha."

Lachinayi

Michira yadukadi. Chimene mnzangayo sanandiuze n'chakuti kalembedwe kakeko kamachulukitsa kokha ndi 100. Kuchulukitsa kwanga kuja ndakusiya pomwepo. Ndadina kuti zisindikizidwe n'kupita kukaimbira mpira wa atsikana, osayang'ana.

Pobwera: malipoti 120, onse atuluka bwinobwino. 7600%. 5700%. Ngakhale amene amagona m'kalasi ali ndi 2300%.

Ahedi anyamula mpukutuwo ngati mwana wodwala. "Mapepala awa anali a mayeso a teremu ya mawa, aphunzitsi."

Mayi ogulitsa zitumbuwa pageti akupempha mapepalawo kuti azikulungira. Ndakana. Manyazi anga asafike kumudzi ali ndi mafuta.

Lachisanu

Ndachotsa kuchulukitsa kwanga kuja. Zatheka! 76%. 57%. Ndatsala pang'ono kuvina.

Kenako ndatsegula lipoti la Tusekile. Lalemba 50%, ndipo pambali pake: WALEPHERA. Mtima wanga wangoti myuu. Wokhoza amayambira pa 50. Iye ali ndi 0.496. Polemba, pulogalamu ikukweza n'kuonetsa 50. Poweruza, ikuyang'ana nambala yeniyeniyo, n'kuona kuti siinafike. Ana otere alipo asanu ndi mmodzi.

A Mwakasungula avula magalasi. "Ife wa 49 na kanthu timangomukankha. Makina anuwa sadziwa?"

Sadziwa. Mawa ndiwaphunzitsa. Ndapempha aphunzitsi andipatse lamulo la kukankhako.

Loweruka

Aphunzitsi abwera kudzamaliza kuchonga mayeso a makalasi ena, aliyense ndi lamulo lake:

A Mwakasungula: wa 49 akankhidwe, kupatula aphokoso a kumbuyo.
Mayi Kaonga a bayoloje: ngakhale wa 48, ngati anadwala kapena kwawo kunagwa maliro.
A Phiri: oyenda wapansi kuchokera ku Uraha muwaonjezere imodzi, nthawi ya mvula ziwiri.
Ahedi, mokweza: "Tsatani malamulo!" Kenako motsitsa mawu: "Koma muziona nkhope."

Kompyuta iona bwanji nkhope? Malungo ndiwalembe pa mzere uti? Ndayesa kuika bokosi la "waphokoso, inde kapena ayi", aphunzitsi ayambana pa dzina loyamba lomwe.

Ndati ndisindikize kaye opanda vutowo. Pepala latuluka loyera. Inki inathera pa zikwi za Lachinayi zija. Ina ili ku Boma, ndipo wokagula apita Lachitatu.

Lamulungu

Ndachokera ku tchalitchi. Pansi pa mango, tebulo, mafomu akale a malipoti a mukabati mwa ahedi, cholembera. Laputopu ili m'chikwama.

A Mwakasungula atulukira osaitanidwa, cholembera chawo chili m'thumba la malaya. Akoka mpando, atenga theka la mafomu. Sananene kuti "ndinanena". Bola akanandinyoza, zikanandipepukira.

Fomu ya Tusekile yagwera kwa ine. Ndayang'ana 49.6 pakapepala kanga ka malikisi nthawi yaitali, ine mphunzitsi wa kompyuta, amene ndimauza ana kuti nambala sinama. Ndalemba 50. Ndalemba: Wakhoza, apitirize.

A Mwakasungula aiwerenga, asayina, aika pamulu osafunsa kanthu.

Kwatsala 83. Dzanja layamba kale kupweteka.