Chishango cha Tiyi ku Mtenguleni

"Bambo Zulu, ichi anthu akuchitcha bowa wa tiyi, koma si bowa ayi, ndi sa-ya-nsi!" Amenewo ndi aphunzitsi a Tembo, opuma ntchito, oyandikana nawo nyumba ku Nabvutika, manja kumbuyo, mimba patsogolo, phazi lililonse akuliponda ngati akuyesa mlatho. Zinali zaka zija za m'ma 90 pamene aliyense ankaweta chinthu chimenechi m'ndowa ya tiyi wa shuga, ati chimachiza kuyambira mutu mpaka chidendene. Iwo anati ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya, timaluka ulusi pamwamba pa tiyiyo mpaka kupanga khungu lokhuthala, loterera. "Mukaliumitsa, chikopa chenicheni!"

Ine makutu anaima, chifukwa ndinali m'madzi. Apongozi anga, a Jere, anandisungitsa chishango cha agogo awo choti ndizivina nacho ingoma pa mwambo wa Angoni wa Ncwala, ine n'kuchiponya kudenga, makoswe n'kuchita nacho phwando. Inuyo mukadawauza bwanji apongozi achingoni nkhani yotere?

Ndiye ndinayamba kuweta. Beseni lochapira la mkazi wanga linasanduka khola. Khungu loyamba nditaliumitsa linang'ambika ngati pepala, aphunzitsi n'kukweza chala, "Lipatseni mafupa!" Ndinasanjikiza khungu, thonje, khungu, chiguduli cha saka, khungu linanso, mwala pamwamba, padzuwa la Okutobala, pomaliza phula. Anthuni, chinalimba! Nditachimenya ndi chibonga chinalira ngati ng'oma. Mawanga ndinajambula ndi mwaye ndi laimu, ubweya sunandivute poti chakale chija chinali chitachita kale dazi.

Mkazi wanga anangoti, "Bambo a Tisa, kunena zoona sikutha shuga chonchi."

Ndinamva? Mutu unali utakula, ndikudziona kale ndili ndi fakitale ya nsapato ndi malamba, mabeseni ndandanda mpaka kumalire a dziko ku Mwami.

Febuluwale wafika, tili ku Mtenguleni kumene kumachitikira Ncwala, ndikuponda pansi kuti di! di!, apongozi pambali panga akugwedeza mutu monyadira. Kenako mvula, waaa! M'pamene ndinakumbukira kuti phula ndinapaka kutsogolo kokha, koonekera anthu. Kumbuyoko chishango chinayamba kumwa madzi ngati ng'ombe yochokera kudambo louma, chinalemera, chinaterera, mutu wake n'kupindika ngati tsamba la nthochi lofota, laimu akutsika pamkono mpaka m'khwapa. Fungo la viniga linabalalitsa mzere wonse, amuna a zibonga akutseka mphuno. Mvula itakata zinafika ntchentche ndi abale awo onse. Ndinati ndichiwongole ndi bondo, bondo linangotulukira mbali inayo, thonje lili lendelende.

Apongozi anandikodola, tinakaima pansi pa mtengo. Anachigwira, anachinunkhiza, anachinunkhizanso.

"Akamwini, ng'ombe imeneyi inkamwa chiyani?"

Ndinayang'ana chinthu chija chikudontha, ndipo ndinachimvera chisoni. Tizilombo tija sitinanamize munthu. Tinaluka zimene timadziwa, zolimba ndithu zikakhala pouma, mwina wina wodekha adzapanga nazo chinthu chaphindu. Amene anatuma tizilomboto kukanama ndinali ine, miyezi yonse ija ndikulimbitsa bodza ndi thonje.

"Tiyi, bambo. Chanu chija anadya makoswe."

Anachiyang'ananso chishango chija. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka ndi kuseka.

"Makoswe? Kwa ine anadya kawiri! Mumayesa chikopa chimakhala zaka zana? Cha agogo chenicheni chinatha ndisanakwatire, timangopanga china n'kupitiriza kuchitchula dzina lawo. Mukadanena, zikopa ziwiri zikungokhala kwathu."

Ndinalumbira pomwepo, ntchentche zili mboni, kuti ndikadzalakwiranso apongozi ndidzathamanga kukaulula ketulo isanafike pamoto.