A Sailesi Sanati Odi

Ku Liwaladzi aliyense akudziwa kuti a Sailesi sankalola filimu kudzilankhulira yokha. Mu shedi yawo ya vidiyo ankaonetsa za azungu opopa magazi zokhazokha, iwo ali chiimire pambali ndi kandodo, kumasulira zimene ngakhale wopanga filimuyo sanazilotepo.

"Mwamuona mnyamatayu, nkhope mbee ngati ufa wa chinangwa? Mukuti akufuna magazi? Bodza! Akufuna mtsikanayo. Lilime lalephera kunena, ndiye mano atuluka."

"Amulume basi, a Sailesi, tione!" ankakuwa a Hamza, msodzi.

"Inu a Hamza, bwato mwalipenta katatu chaka chino. Wakukanani ndani?"

A Hamza anatha sabata osapondamo.

Pamene a Sailesi ankapakonda kwambiri ndi poti chilombo chopopa magazicho sichilowa m'nyumba ngati sichinaitanidwe. Apa ankaimitsa filimu.

"Si mankhwala amene amutsekereza ayi. Ndi mantha. Akuopa kumva kuti bwererani."

Mayi Zuhura, amasiye, ankagulitsa zitumbuwa pakhomo pa shediyo, ndipo zonsezi ankazimva. Ankadziwanso china. M'mawa uliwonse, zaka zisanu ndi zinayi, a Sailesi ankaima pachipata cha mpanda wa mayiwo, chipewa chikuzungulira m'manja.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Mwerawu ugwetsa mpunga."

"Mpunga tinakolola kale, bambo."

"Ndiye ugwetsa china."

Phazi la a Sailesi linkanyamuka, n'kubwerera pomwepo. Mayi Zuhura ankasesa malo amodzimodzi mpaka panakumbika. Mumtima ankangoti: munthu wamkulu chonchi, angoti odi, ine ndiyankhe. Mkazi angati lowani bwanji kwa mwamuna amene sanaodire?

Tsiku lina mayiwo anayesa. "Chilombo chanu chija, bwanji osangoti odi?"

A Sailesi anakanda m'mutu. "Funso limeneli ndi lakuya, mayi. Ndikaliganizire."

Analiganizira mpaka Julaye, chibayo chinawatenga mwera uli pakati.

Lero mu shedimo muli matumba a mpunga. Achinyamata amaonera mafilimu aja pafoni, ndipo anthu amangolumana, popanda wonena chifukwa chake. A Hamza bwato sanalipentenso, ati palibe woti awafunse.

Koma mwera ukagwedeza chipata m'mawa, Mayi Zuhura amaimitsa tsache, n'kunena mokweza, osasamala kuti apamsewu akumva:

"Lowani, a Sailesi. Mwaima mokwanira."